Lamulo la Zaka 18: Boma, Eklezia ndi Ukwati wa Ana m'Malaŵi

Mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo ya dziko lino idasintha Malamulo Aakulu kuti munthu aliyense wosakwana zaka 18 aziyesedwa mwana, ndipo asaloŵe m'banja ngakhale makolo ake atavomera. Ife amene timadalitsa maukwati, ndi amene tikukonzekera ntchitoyi, tiyenera kumvetsa bwino chimene lamuloli lidakonza ndi chimene silingathe kukonza palokha.

Mmene lamuloli lidadzera

Malamulo Aakulu a 1994 ankalola mnyamata kapena mtsikana wa zaka zapakati pa 15 ndi 18 kuloŵa m'banja malinga makolo atavomereza. Mu 2015 padadza lamulo latsopano la maukwati, kusudzulana ndi za m'banja, limene lidaika zaka 18 ngati msinkhu woyambira. Koma popeza Malamulo Aakulu ndiwo mutu wa malamulo onse, kholo lofuna kukwatitsa mwana wa zaka 16 linali nacho pothaŵira. Kusintha kwa 2017 ndiko kudatseka mpatawo.

Kukula kwa vutoli kudaoneka m'kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016, amene adapeza kuti mwa akazi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 adakwatiwa asanafike zaka 18, ndipo 9 adakwatiwa asanafike ngakhale zaka 15. Mtsikana wotere amasiya sukulu, amatenga pathupi thupi lake lisanakhwime, ndipo ana amene amabereka amayamba moyo m'manja mwa mayi amene nayenso akusoŵa womlera.

Chimene Malamulo a Eklezia anena

Ena amadabwa kuona kuti Kanoni 1083 ya m'buku la Malamulo a Eklezia la 1983 itchula zaka 16 kwa mwamuna ndi 14 kwa mkazi. Zaka zimenezi ndi malire otsiriza a Eklezia ya pa dziko lonse, amene pansi pake ukwati sukhalapo konse. Sizitanthauza kuti wansembe wa ku Malaŵi angadalitse ukwati wa mwana wa zaka 15. Kanoni yomweyo ipatsa bungwe la Maepiskopi mphamvu yokweza msinkhuwo. Kanoni 1071 iletsa wansembe kuimirira ukwati umene malamulo a dziko sangauzindikire, pokhapokha Episkopi atalola, ndipo Kanoni 1072 ilamula abusa kuti aziletsa achinyamata kuthamangira ukwati nthaŵi yake isanakwane.

Chozama kuposa zaka ndi chiphunzitso chakuti ukwati umamangidwa ndi kuvomera kwa eni ake aŵiri, ndipo palibe mphamvu ya munthu, kaya ya kholo, ya mwinimbumba kapena ya nkhoswe, imene ingavomere m'malo mwao. Kanoni 1103 inenanso kuti ukwati woloŵa mokakamizidwa kapena ndi mantha aakulu suli ukwati. Mtsikana amene wauzidwa kuti pakhomo chakudya chatha, ndipo akwatiwe kuti ang'ono ake apulumuke, "inde" wakeyo ngwaufulu kodi? Pamenepa lamulo la boma ndi la Eklezia ayang'ana kumodzi.

Pamene lamulo lilekezera

Komabe maukwati ambiri a ana safika ku ofesi ya boma kapena pa khomo la parishi. Amachitika pamudzi: mtsikana wapezeka ndi pakati, ankhoswe akumana, mnyamata auzidwa kuti atenge mkazi wake, nkhani yatha. Wodandaula palibe, pakuti amene akadadandaula ndi omwewo adagwirizana. Nchifukwa chake ntchito ya mafumu idakhala yolemera. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto adathetsa maukwati a ana mazanamazana, adabwezera anawo ku sukulu, ndipo adaimitsa pa udindo nyakwaŵa zimene zinkalekerera mchitidwewu.

Koma kuthetsa ukwati ndi theka chabe la ntchito. Mwana wobwezedwayo amabwerera ku nyumba yomwe ija imene umphaŵi wake udamtulutsa. Apa mpamene ntchito zina za boma zimaloŵerapo. Mu 1993 boma lidalola kuti mtsikana amene wachira abwerere ku sukulu. Mu 1994 lidachotsa fizi ku pulaimale, ndipo ana olembetsa adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mu 2006 ku Mchinji kudayamba Mtukula Pakhomo, ndondomeko yopereka kandalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndipo pambuyo pake idafalikira m'maboma onse 28.

Kuti ndalama zotere zimakhudzadi ukwati wa ana zidaoneka ku Zomba, kumene kuyambira 2008 akatswiri adapereka ndalama mwezi ndi mwezi, kwa zaka ziŵiri, kwa atsikana ndi makolo ao. Ena adapatsidwa malinga akapita ku sukulu, ena popanda lamulo lililonse. Oyambawo adalimbikira sukulu. Mwa achiŵiriwo maukwati ndi mimba zidachepa. Koma ndalamazo zitaleka, patangopita zaka ziŵiri, kusiyana kwa achiŵiriwa ndi anzao osalandira kudazimirira. Phunziro lake nlakuti makolo ambiri sakwatitsa mwana chifukwa chouma mtima, ndipo akapeza popumira amamsunga. Thandizo likaduka, njala imabwerera ndi uphungu wake wakale.

Sukulu nayonso ndi mpanda. Pamene sukulu zidatsekedwa mu 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, boma lenilenilo lidalengeza kuti atsikana zikwizikwi adatenga mimba kapena kukwatiwa m'miyezi yoŵerengeka. Lamulo la zaka 18 linalipo ndithu m'miyezi imeneyo. Chimene chidasoŵa ndi kumene mwana akadapita m'maŵa uliwonse.

Udindo wa wansembe

Choyamba ndi kufufuza zaka. Kulembetsa kubadwa kwa mwana aliyense kudakhala kokakamiza mu 2015 mokha, kotero achinyamata ambiri akumidzi alibe kalata yobadwira. Buku la ubatizo la pa parishi kaŵirikaŵiri ndilo mboni yokhayo yodalirika. Wansembe wolemba mosasamala tsiku lobadwa la khanda lero, akhoza kumana chitetezo mtsikana wa zaka 15 m'tsogolo.

Chachiŵiri ndi kufunsa mkwatibwi payekha, makolo ndi ankhoswe ali panja, ndi kumpatsa nthaŵi yoti alankhule. Chachitatu ndi kusathamangitsa ukwati chifukwa cha pathupi. Pofuna kuchotsa manyazi pabanja, kapena kuti makolo abwerere msanga ku masakramenti, tikhoza kumangirira ana aŵiri ku goli limene sadasankhe ndipo sangalithe.

Chachinai, kukana kudalitsa kokha sikukwanira, pakuti okanidwawo amangokaloŵana kumudzi. Mphakati udziŵe banja limene likusoŵa yunifolomu ndi makope, ulondole amene ayenera kulembedwa pa Mtukula Pakhomo koma adadumphidwa, ndipo amayi a m'mabungwe athu apezeke olera khanda kuti mayi wake wamng'onoyo akhale m'kalasi. Sukulu za mishoni zikhale zoyamba kumlandira popanda kumtonza. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Boma lidalemba zaka 18 m'buku la malamulo. Kuti mtsikana azifike zakazo ali mwana, adye, aphunzire, nadzasankhe yekha, zitengera anthu amene amamdziŵa dzina, ndipo bambo mfumu wa parishi yake ndi mmodzi wa iwo.