Si chotupa chilichonse chomwe chili cha mkaka

Ku Mwanza palibe yemwe angafunse maonekedwe a khoko la nachesi. Nyengo yake ikafika, madengu amachita kundanda m'mbali mwa msewu wopita kuchipata cha Mwanza, ndipo ngakhale mwana wongoyamba kumene kuyenda amadziwa kusenda chipatsochi. Koma kodi ndi amayi angati m'bomali omwe adauzidwapo kuti khungu la bere likayamba kuoneka ngati khoko lomwelo, lokhuthala komanso la timaenjemaenje, ndiye kuti nthawi yothamangira kuchipatala yakwana?

Ichi n'chimodzi mwa zizindikiro zomwe madotolo amayang'ana akamaganizira za khansa ya m'mawere. Tsoka ilo, chikadza kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, aliyense pamudzi amakhala ali nalo kale yankho. Amati ndi mkaka basi.

Kuti timvetse momwe yankho limeneli limaphera anthu, tiyeni titsatire ulendo womwe amayi ambiri a kwa Nthache, kwa Kanduku ndi kwa Govati amayenda kuchokera tsiku lomwe aima.

Mawere ndiwo amayamba kuulula chinsinsi mimba isadaoneke n'komwe. Amakula, amalemera, amapweteka akangokhudzidwa, ndipo nsonga zake zimada. Amayi akuluakulu amaona zimenezi mwini wake asadatsegule pakamwa. Ngati ili mimba yoyamba, anankungwi amamukhazika pansi n'kumulanga za kadyedwe, za kudzisunga ndi za momwe angadzalimbire mtima tsiku lochira. Phunziro lomwe mtsikana amatolapo pa za mawere ndi limodzi: asade nkhawa, kusintha konseku ndi kwa mimba. Ndipo nthawi zambiri anankungwiwo amakhala akunena zoona.

Kenako amayamba sikelo, kaya ku Thambani, ku Kunenekude, ku Tulonkhondo kapena pachipatala chachikulu cha paboma. Kumeneko amamukweza pasikelo, amamuyeza kuthamanga kwa magazi, amamupima mimba, amamuyeza HIV, amamubaya katemera wa kafumbata, n'kumupatsa neti, mankhwala oteteza malungo ndi owonjezera magazi. Kuyambira m'chaka cha 2016, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti mayi aonane ndi achipatala kasanu n'katatu asadachire, pomwe kale kadali kanayi.

Mzere umakhala wautali. Boma la Mwanza lidali ndi anthu pafupifupi 131,000 pa kalembera wa 2018, koma zipatala zake zimathandizanso abale athu a tsidya lino la Mozambique, monga a ku Zobue, omwe kwa iwo malire ndi mzere chabe wodutsa m'munda. Namwino yemwe ali ndi amayi ambirimbiri pabenchi maso ake amakhala pa zomwe zingaphe mayi kapena mwana mawa lomweli. Mayi akapanda kutchula yekha kuti akumva kanthu kolimba m'bere, n'chapafupi kuti miyezi isanu ndi inayi ithe nkhaniyo isadakambidwe.

Pa uchembere weniweniwo dziko lino lachita zooneka, ndipo sitingakane. M'chaka cha 2004 kafukufuku wa boma adapeza kuti amayi 984 mwa amayi 100,000 alionse obereka ana amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Pofika 2010 chiwerengerocho chidatsika kufika pa 675, ndipo kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza 439. Boma lidaletsa azamba kubereketsa m'chaka cha 2007, ngakhale kuti mu 2010 mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Bingu wa Mutharika, adabweza mawu n'kunena kuti ndi bwino kuwaphunzitsa kusiyana n'kuwaletsa. Mafumu nawo adaika malamulo a m'midzi olipitsa mbuzi kapena nkhuku banja lomwe lachirira pakhomo. Pofika 2016, ana 91 mwa 100 alionse ankabadwira kuchipatala.

Lero mayi wa kutali mwezi wake ukakwana amanyamula beseni, zitenje, chipepala chakuda choyala, lezala latsopano ndi ulusi, n'kupita kukadikirira pafupi ndi chipatala pamodzi ndi mayi ake kapena apongozi. Mukamufunsa zizindikiro zoopsa za mimba akuuzani mosajejema: kutaya magazi, kutupa mapazi ndi nkhope, mutu waukulu, kukomoka, mwana kusiya kugunda. Adaziimba kusikelo mpaka zidalowa m'mutu.

Koma m'maphunziro onsewa bere limatchulidwa ngati nkhokwe ya chakudya cha mwana. Za mwini bereyo zimamveka mwa apo ndi apo.

Mwana akangobadwa amaikidwa kubere ola lisadathe, kuti ayamwe mkaka woyamba wachikasu uja womwe umamuteteza kumatenda. Mayi amalangizidwa kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi, n'kupitiriza mpaka mwana atakwana zaka ziwiri kapena kuposera. Izi zimathandizanso mayiyo. Kafukufuku wamkulu yemwe adasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet m'chaka cha 2002, ataunika zotsatira za m'mayiko 30, adapeza kuti miyezi 12 iliyonse yomwe mayi wayamwitsa imachepetsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi pafupifupi 4 peresenti. Taonani kuti mawu ake ndi kuchepetsa. Mayi wa ana asanu, onse oyamwa zaka ziwiriziwiri, akhoza kudwalabe.

Mavuto a mawere amayamba mayi akadali m'chikuta. Tsiku lachitatu kapena lachinayi mkaka umabwera mwamphamvu, mawere n'kuuma gwa ngati mwala. Nthawi zina njira imodzi ya mkaka imatsekeka n'kupanga kachotupa kopweteka. Pena tizilombo timalowera pa nsonga yong'ambika, bere n'kufiira, kutentha, ndipo mayi amanjenjemera ngati wadwala malungo. Akachedwa pamachita chithupsa cha mafinya chomwe achipatala amayenera kuboola.

Zonsezi si khansa, ndipo zili ndi khalidwe limodzi: zimasintha msanga. Chotupa cha mkaka chimachepa mwana akayamwa kapena mayi akafinya mkakawo. Bere lotupa ndi tizilombo limayamba kupepuka pakatha masiku awiri kapena atatu mayi akumwa mankhwala a kuchipatala, ndipo achipatala amalangiza kuti asasiye kuyamwitsa mbali yodwalayo.

Chotupa cha khansa sichitero. Mwana ayamwe bere mpaka kufota, icho chimakhala pomwepo. Kawirikawiri chimakhala cholimba, chosasuntha bwino mukachikankha ndi chala, ndipo poyamba sichipweteka. Kusapwetekako ndiko kumapusitsa anthu. Munthu wa kumudzi, yemwe ali ndi munda wa nandolo woti apalire komanso mwana kumsana, sangalipire kabaza wa njinga yamoto chifukwa cha chinthu chosawawa. Zizindikiro zina ndi nsonga ya bere kulowa mkati pomwe kale sinkatero, kutuluka magazi kunsongako, mwanabere wa m'khwapa wosaphwa, chilonda chosapola, ndi khungu la ngati nachesi lija. Palinso mtundu wina wa khansa womwe umafiiritsa ndi kutupitsa bere lonse ndendende ngati matenda a woyamwitsa. Umadziwika chifukwa mankhwala amatha koma bere osasintha.

Muyeso womwe madotolo amapereka ndi wosavuta kusunga: chotupa chikatha milungu iwiri chisadachoke, chikaonedwe kuchipatala, kaya mayi ndi woyembekezera, kaya akuyamwitsa.

Sikuti tikuopseza amayi ayi. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa, makamaka kwa amayi achitsikana. M'mayiko momwe adawerenga bwino, khansayi imapezeka pa mimba imodzi mwa mimba pafupifupi 3,000. Koma ikapezeka panthawiyi imapezeka mochedwa, chifukwa mayi, apongozi, mwamuna, nthawi zina ngakhale wachipatala amene, onse amakhala akudikira kuti mkaka usungunuke.

Pamudzi mafotokozedwe sasowa. Ena amati mwana wageyera bere. Ena amati ndi ndalama kapena foni zomwe amayi amasunga m'kamisolo, zomwe palibe umboni wake. Chikakula, zala zimayamba kuloza anthu, ndipo sing'anga amatema mphini n'kupaka mankhwala pomwe miyezi ikupita. Koma maganizo oopsa kuposa onsewa ndi ooneka anzeru aja, akuti ndidzapita kuchipatala mwana akasiya kuyamwa. Mwana amasiya ali ndi zaka ziwiri. Nthawi imeneyo mwina mimba ina yabwera kale, mawere ayambiranso kusintha, ndipo chotupa chija chapezanso pobisala.

Akatswiri a khansa a bungwe la WHO amayerekeza kuti amayi oposa 1,000 amadwala khansa ya m'mawere chaka chilichonse m'Malawi. Ndi ochepa poyerekeza ndi oposa 4,000 a khansa ya khomo la chiberekero, n'chifukwa chake mphamvu zambiri zidapita kumeneko. Koma madotolo a pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe akhala akulemba kuti ambiri mwa amayi omwe amawapeza ndi khansa ya m'mawere amafika itakula kale kapena itafalikira.

Amalawi ambiri adayamba kuimva nkhaniyi kudzera mwa Blandina Khondowe, yemwe adali Miss Malawi wa 2002. Iye adapezeka ndi matendawa m'chaka cha 2013 ali ndi zaka za m'ma 30, msinkhu womwe amayi ambiri amakhala akubereka ndi kuyamwitsa. Adakalandira thandizo ku India, ndipo atabwerako adayambitsa Think Pink Malawi, n'kumayenda poyera kuuza amayi anzake kuti azidziyeza. Khansayo idabwereranso, ndipo adamwalira mu November 2020 ali ndi zaka 40. Uyu adali mayi wophunzira, wa mumzinda, wodziwa khomo loti agogode. Nanga wa ku Thambani?

Kwa iye ulendo umayambira pachipatala chaching'ono, komwe amamutumiza kuboma. Akaganiziridwa kuti mwina ndi khansa, amayenera kukafika ku Queen Elizabeth Central Hospital mumzinda wa Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa Mwanza. Kumeneko amatengako kanyama ka chotupacho kuti akakaunike, chifukwa palibe dotolo yemwe angatsimikize khansa ndi maso kapena manja okha. Zotsatira zimafuna ulendo wina. Ikapezeka, pamabwera opaleshoni ndi mankhwala olowera m'mitsempha omwe amaperekedwa maulendo angapo, nthawi zambiri pakatha milungu itatu iliyonse. Thandizo m'chipatala cha boma ndi laulere, koma minibasi si yaulere, ndipo ndalama ya manachesi imabwera kamodzi pachaka. Bungwe la WHO lidanena kuti pasamadutse masiku 60 kuchokera pomwe mayi wafika koyamba kuchipatala kufikira pomwe wauzidwa chomwe akudwala. Kwa banja lomwe liyenera kugulitsa mbuzi lisadakwere galimoto, masiku 60 sachedwa kutha.

Chomwe chasinthako n'chakuti makina owotcha khansa, omwe kwa zaka zambiri odwala ankawatsatira kunja kwa dziko lino, tsopano aliko. Chipatala choima pachokha chidawabweretsa ku Blantyre m'chaka cha 2024, ndipo chipatala cha boma cha khansa ku Lilongwe chidatsegulidwa mu 2025.

Amayi ambiri amaopa kuti akaulula ali ndi pakati achipatala achotsa mimbayo. Si momwe zimakhalira kawirikawiri. Kuunika bere ndi makina omwe aja amaunikira mwana m'mimba sikuvulaza mwanayo. Opaleshoni imatheka mayi ali woyembekezera, ndipo mankhwala ena a khansa amaperekedwa miyezi itatu yoyambirira ikadutsa. Khansa siipita kwa mwana kudzera mumkaka, kungoti mayi akayamba mankhwalawo amayenera kusiya kuyamwitsa. Mantha enawo, akuti bere likachotsedwa banja litha, yankho lake lili kwa abambo. Mwamuna yemwe adaperekeza mkazi wake kusikelo yoyamba, monga momwe zipatala zimalimbikitsira masiku ano, asathawe ulendo wa ku Blantyre.

Chomvetsa chisoni n'chakuti palibe nthawi ina pamoyo wa mayi yomwe amaonana ndi achipatala pafupipafupi ngati imeneyi. Werengani nokha: maulendo a sikelo ya mimba, kuchira, kukaonedwa atachira, sikelo ya mwana mwezi ndi mwezi, kenako kulera. Mpata ulipo, ndipo sikuti ukufuna dotolo wamkulu. Ku Lilongwe, ofufuza adaphunzitsa amayi wamba anayi kuyeza mawere ndi manja, ndipo amayiwo adayeza anzawo 1,000 omwe adabwera kuchipatala pa zifukwa zina. Zotsatira zake zidasindikizidwa m'chaka cha 2016. Ngati zidatheka ndi amayi wamba anayi, alangizi a zaumoyo omwe amakweza ana pasikelo m'midzi ya ku Mwanza sangalephere atapatsidwa maphunziro.

Podikira zimenezo, mayi ali ndi zala zake. Woyamwitsa adziyeze mwana atangomaliza kuyamwa, bere lili lofewa; yemwe wayambiranso kusamba adikire masiku ochepa msambo utatha. Agone chagada, dzanja limodzi kunkhongo, n'kusisita bere lonse mozungulira ndi zala zitatu zapakati mpaka m'khwapa, kamodzi pamwezi. Akapeza kanthu, akauze namwino ngakhale asadafunsidwe, ndipo apemphe kuti alembe m'buku lake la kuchipatala tsiku, mbali ya bere ndi kukula kwa chotupacho. Akauzidwa kuti ndi mkaka, afunse tsiku loti adzabwerenso ngati sichichoka, ndipo tsikulo likafika abwere ndi buku lomwelo.