Mota yatsopano koma kagalimoto kangoti zii

Mwana aliyense amene wakulira ku Lunzu, Mponela kapena Balaka amaidziwa galimoto ya mawaya yoyendetsa ndi chiwongolero chachitali. Masiku ano mabanja ena, makamaka amene ali ndi abale ku Joni, ali ndi timagalimoto toyendera rimoti tomwe timathamanga mpaka kubutsa fumbi pabwalo.

Vuto limabwera mota ikatopa. Timagalimoto totchipa timabwera ndi mota yokhala ndi timakala tiwiri timene timakhudza chitsulo chozungulira, ndipo timakalato timaperepeseka. Ambiri amathamangira kugula mota ya brushless, yopanda timakala, poti ndi yaliwiro komanso yokhalitsa. Koma akaimanga, kagalimoto kamangonjenjemera, kuthamangira m'mbuyo, kapena kununkha chopserera, mwana n'kuyamba kulira ndalama zitapita kale.

Choyamba kudziwa n'chakuti mota ya brushless ili ndi mawaya atatu, pomwe yakale ili ndi awiri. Imafuna kabokosi kakekake kogawa magetsi, kotchedwa ESC. Pa timagalimoto tambiri totchipa, kabokosika kamalumikizidwa pa bolodi imodzi ndi kachipangizo kolandira uthenga wa rimoti. Choncho kusintha mota kungakakamize munthu kugulanso cholandira uthenga, rimoti, nthawi zina ndi kamota kokhotetsa mateyala. Ndi bwino kuwerengetsera zonsezi musanatulutse ndalama.

Kagalimoto kakamapita m'mbuyo, palibe chawonongeka. Pa mota yopanda sensa, yomwe ili ndi mawaya atatu okha, kusinthanitsa mawaya awiri aliwonse kumatembenuza kazunguliridwe kake. Kakamachita chibwibwi ponyamuka, pang'ono pokha n'chibadwa cha mota zopanda sensa, koma chikanyanya yang'anani waya wogwedera, mtovu wosagwira bwino kapena batire lofooka. Kakangokhala chete n'kumalira ti-ti-ti, nthawi zambiri ESC imakhala isanaphunzitsidwe malire a rimoti, ndipo kapepala ka malangizo kamafotokoza kachitidwe kake.

Kutentha ndiye mdani wamkulu. Mota iliyonse imalembedwa nambala ya KV, kutanthauza maulendo amene imazungulira pa mphindi imodzi pa volti iliyonse isanasenze katundu. Ya 3,300KV pa batire la mavolti 7.4 imazungulira maulendo oposa 24,000. Liwiro lotere mumchenga kapena mu udzu limatenthetsa mota, ndipo maginito ake akapsa mphamvu sizibwereranso. Mukalephera kuigwira ndi chala kwa masekondi angapo, imitsani, kenako muike giya yaing'ono pa mota.

Magiya apulasitiki nawo amagweluka mano msanga. Okonda masewerawa amapana kapepala pakati pa magiya awiri pomanga, kenako n'kukachotsa, kuti pakhale kampata kochepa.

Koma nkhani imene makolo sayenera kuitenga mwachibwana ndi batire la LiPo. Selo iliyonse imadzadza pa mavolti 4.2 ndipo siyenera kutsika kupyola mavolti atatu. N'chifukwa chake ESC iyenera kutcheredwa kuti izidula magetsi yokha batire likamatha. Batire lotupa, lobooka kapena lotchajidwa ndi tchaja yolakwika limatha kubuka moto woopsa.

Kuno magetsi amazima n'kubwera anthu ali mtulo, choncho kusiya batire pa tchaja usiku n'kuputa ngozi. Tchajani masana, pasimenti, kutali ndi matiresi ndi makatani, munthu wamkulu ali pomwepo. Ngati lisungidwa nthawi yaitali, likhale pa mavolti 3.8 selo iliyonse.

Wokonza mafoni kapena mawailesi pamsika angathandize kuwotcherera mawaya ndi kuyeza mavolti. Ndipo mwana amene wayang'anitsitsa ntchitoyi, akugwirira sikuludiraiva, waphunzira za magetsi ndi magiya zomwe galimoto ya mawaya sikanamuphunzitsa.