Buku la Zimphona za Miyendo Itatu

Buku la pasukulu limatha ngati nsalu. Chikuto chimayamba kuthothoka, kenaka tsamba la mutu, ndipo pofika m'manja mwa mwana wachisanu dzina la mlembi linapita kalekale. N'chifukwa chake ambiri a ife tasunga m'mutu nthano zimene eni ake sitiŵadziŵa. Mphunzitsi amene afuna kuŵerengera ophunzira ake buku limene linamgwira mtima ali mu Fomu 2 amapeza kuti watsala ndi kachidutswa chabe.

Tiyeni titenge chitsanzo. Munthu angonena kuti munali zinthu za miyendo itatu zimene zinkasautsa anthu ku England. Maganizo athamangira kwa H. G. Wells, amene buku lake, The War of the Worlds, linatuluka mu 1898. M'menemo zamoyo zochokera ku Mars zitera pafupi ndi Woking, ziyenda m'makina a miyendo itatu ndi kutentha midzi, ndipo potsiriza ziphedwa ndi tizilombo toyambitsa matenda, mfuti zitalephera.

Koma taimani kaye. Mu 1951 John Wyndham analemba The Day of the Triffids, nthano ya zomera zoyenda ndi mizu itatu, za mbola yakupha, zimene zipeza danga anthu atachita khungu poyang'ana kuŵala kobiriŵira kumwamba. Mu 1967 kunabweranso The White Mountains, la John Christopher, amene dzina lake lenileni linali Sam Youd. Namonso muli miyendo itatu.

Apa m'pamene wofufuza ayenera kuleka kufunsa za chilombo, nayamba kufunsa za munthu. Anali kusimba nkhaniyo ndani, wamkulu kapena mwana? Ankaopa chiyani? Mantha sachedwa kukumbukika, pomwe maina amaiŵalika msanga. Wina akati nkhani inayambira m'chipatala, munthu atamangidwa nsalu m'maso, ameneyo ndi Wyndham. Akati panali kachipeŵa kachitsulo kamene mwana aliyense ankavekedwa pofika zaka 14, kuti asadzaganizenso zoukira zimphonazo, mlandu watha: ndi Christopher. Mnyamatayo ndi Will Parker, amene athaŵa ndi mbale wake Henry, naoloka nyanja kuloŵa m'dziko la France, kumene apeza mnzawo wamandala womutcha Beanpole, onse nalunjika kumapiri.

Chenjerani ndi zinthu ziŵiri. Mabuku ambiri otere anafika m'masukulu atafupikitsidwa m'Chingerezi chosavuta, choncho buku lenileni likhoza kuoneka lachilendo, lonenepa kuposa lija munalidziŵa. Komanso BBC inaonetsa nthano ya Christopher pa wailesi ya kanema mu 1984 ndi 1985, ndipo pamutu pa munthu zoona ndi zoŵerenga zimasakanikirana ngati ufa ndi gaga.

Mukapeza dzina loganizira, litsimikizeni. Pa intaneti pali kaundula wa nthano za sayansi wotchedwa ISFDB, woyambika mu 1995, amene amandandalika zaka zimene buku linasindikizidwa pamodzi ndi zithunzi za zikuto zambiri. Woyang'anira laibulale naye musamdumphe. Ntchito yotere amaikonda.

Ndipo ngati mwakhala zaka zonsezi mukudandaula kuti masamba omaliza a The White Mountains anang'ambidwa, mwina sanang'ambidwe konse. Bukulo ndi loyamba mwa atatu. Nkhani ipitirira mu The City of Gold and Lead, nikathera mu The Pool of Fire, la mu 1968.