Mbama yosafika patsaya

Sewero likangotha sipalephera wina wondikokera pambali n'kundifunsa monong'ona: "Aphunzitsi, ana aja amamenyanadi?" Ndikati ayi, ena amakhumudwa. Ena amatsutsa, ati mbama ija idamveka mpaka kumsewu. Kumveka idamvekadi, koma dzanja silidafike patsaya. Ntchito yanga n'kuphunzitsa ochita zisudzo kumenyana, kugwetsana, kukanyangana pakhosi, ngakhale kufa kumene, m'njira yakuti mawa adzabwereze zomwezo alibe bala ndi limodzi lomwe.

Kuno ku Chitipa zisudzo zili m'manja mwa makalabu a m'sukulu, achinyamata a m'mipingo ndi magulu oyenda m'midzi kukaphunzitsa anthu. Nkhani zawo mukuzidziwa: nkhanza za m'banja, kukwatiwitsa ana, kulanda chuma cha masiye, kulimbirana malire a munda, kunamizira agogo ufiti. Nkhani zoterezi sizitha wina asadatukule dzanja. Tsono pofika pamenepo woyendetsa sewero amangoti, "Apa mumenyane," iye n'kukhala pansi. Mnyamata amakoka mphamvu zake zonse, phaa! patsaya la mtsikana, anthu n'kukuwa kuti koma ndiye akulitha sewero.

Kwa ine pamenepo ndiye palephereka. Chikhatho chikaphonya tsaya n'kutseka khutu, mpweya umakankhidwira m'kati ndipo kachikopa kopyapyala kamene timamvera kakhoza kung'ambika. Chala chikasokera pang'ono, diso lili pomwepo. Komanso amene adalawa mbama yeniyeni dzulo, lero amayamba kutsinzina ndi kubweza mutu dzanja lisadanyamuke n'komwe. Oonerera saonanso mayi wa m'nkhani uja. Akuona mwana wa fomu 2 amene akuopa mnzake.

Chimene ndimayamba kuphunzitsa chimadabwitsa aliyense: pa ndewu ya m'sewero, woyendetsa zinthu ndi womenyedwayo. Tengani bambo amene akukoka mkazi wake tsitsi. Mnyamata sagwira tsitsi ayi. Amafumbata dzanja lopanda kanthu n'kulikhazika pamutu pa mtsikana. Mtsikanayo ndiye amagwira mkonowo ndi manja onse awiri, kuukanikizira pamutu pake, kenaka n'kuyamba kudzigwedeza yekha, kulira, kukwawa kulowera kumene iye mwini wafuna. Mnyamata amangotsatira, cholusa ndi nkhope yokha. Pokanyanga pakhosi, manja amatsamira pamafupa a m'munsi mwa khosi, kholingo osalikhudza. Wokanyangayo amakokera manja ake kunja, wokanyangidwa n'kumawakokera m'kati. Oonerera amaona mitsempha itatuluka m'mikono, ndipo kulimbanako n'kwenikweni ndithu, kungoti mphamvu zikulowera mosemphana ndi mmene iwo akuganizira. Mtsikana akangotaya manja, a mnyamata aja amachoka okha pakhosi.

Mbama nayo ili ndi kamangidwe kake. Awiriwo amayamba ayang'anana m'maso, ndipo maso akapanda kukumana dzanja silinyamuka, ngakhale mawu ake atakwana. Mpata timayeseratu pokonzekera, womenya atatambasula mkono wonse, kuti nsonga za zala zizidutsa patali kukula kwa chikhatho kuchokera pamphuno pa mnzake. Pomenya amayamba wabweza dzanja m'mbuyo moonekera, kumene kuli kumuuza mnzakeyo kuti ndikubwera. Dzanja limadutsa m'malere, womenyedwa n'kutembenuza mutu kutsata kumene dzanjalo lalowera. Nanga phokoso lija? Womenyedwa yemweyo amawomba m'manja chapamimba, pamene thupi la mnzake lamuphimba, kapena womenya amadzimenya pantchafu ndi dzanja linalo, pena munthu wachitatu amene waima pafupi ndiye amawomba. Zikagwera pa kamphindi kamodzi zonsezi, diso ndi khutu zimapangana kunamiza mwini wake.

Timayamba mwapang'onopang'ono zedi, ndipo ndewu imene pansanja sikwana miniti ikhoza kutidyera masabata. Anyamata amene adakulira m'tinyumba toonetsera mafilimu a kung fu ndiwo amavuta, amafuna kuuluka tsiku loyamba. Ndimawakumbutsa kuti Jackie Chan amene amamusirirayo adakhala zaka khumi ali mwana pasukulu ya zisudzo za Chitchaina ku Hong Kong, akuphunzira kudumpha ndi kugwa, asadatchuke m'mafilimu.

Komabe ana a boma lino ali ndi mwayi umene sauzindikira. Gule wa Mwinoghe, wa Asukwa, Andali ndi Abandya, amene bungwe la UNESCO lidamulemba m'kaundula wake wa chikhalidwe mu 2018, alibe nyimbo. Amuna amandanda mbali ino, akazi mbali inayo moyang'anizana, ndipo chowatsogolera ndi ng'oma zitatu, wezulo ndi mawu a mtsogoleri basi. Mwana amene wavina Mwinoghe amadziwa kale kusunga mpata pakati pa iye ndi woyang'anizana naye, amadziwa kudikira wezulo, amadziwa kupotoza thupi mapazi ali ndi ntchito yawo. Zimenezi ndi zomwe ndimavutika kuphunzitsa amene sadavinepo. N'chimodzimodzi ovina Ingoma ku Mzimba: anthu ambiri pabwalo limodzi, zishango ndi zibonga m'manja, fumbi koboo, koma wina sagogoda mnzake. Choncho ndewu zanga zambiri ndimazimanga pang'oma. Kugunda koyamba wagwira malaya, kwachiwiri wakankha, kwachitatu ndi kwachinayi mnzake akubwerera chafutambuyo. Ng'oma imathandiza kwambiri pa tsiku lenileni, chifukwa anthu akadzaza n'kuyamba kukuwa, magazi a wosewera amatentha ndipo amafulumira osadziwa. Amene adaloweza ndewu yake ndi ng'oma amaimvabe m'mutu ngakhale woimba kulibe.

Vuto lathu lalikulu ndi malo. Njira zambiri zolembedwa m'mabuku adazikonzera nyumba za zisudzo zimene anthu onse amakhala mbali imodzi, wosewera n'kutha kubisa mpata uja ndi msana wake. Ife timasewera pansi pa mtengo, pabwalo la mpira, pamsika ngati wa Lufita, anthu atazungulira mbali zonse, ana atakhala pafupi moti akhoza kukugwira mwendo. Mbama imene yanamiza a kutsogolo, a m'mbali aona poyera kuti yadutsa m'malere, ndipo ana sabisa mawu. Pabwalo lotere ndimachotsa mbama ndi zibakera za kumaso. Ndimaikamo kugwirana malaya, kukankhana, kupotokola mkono, kukoka tsitsi kuja, kuthamangitsana mozungulira mpando. Chibakera chikafunika ndithu chimapita pamimba, dzanja litafumbatidwa mofewa n'kuima likangokhudza malaya, womenyedwa n'kupinda thupi akutulutsa mpweya mwamphamvu. Za kumutu, kukhosi, kumsana ndi m'mawondo n'zoletsedwa. Pabwalo timajambulanso mzere ndi phulusa kuti ana asalowe pamene wina agwere.

Kugwa ndiko kumavulaza anthu ambiri kuposa kumenyana. Maholo a m'sukulu ndi a simenti, ndipo dothi la mwezi wa October silisiyana kwenikweni ndi simentiyo. Munthu akamagwa amathamangira kutsamira dzanja, pamenepo ndiye pothyokera mkono. Wosewera sagwa, amadzitsitsa. Phazi limodzi limapita m'mbuyo, bondo limapinda kunyamula thupi lonse mpaka pafupi ndi pansi, akhalire thako limodzi, osati kafupa ka pakati, kenaka msana ufike pang'onopang'ono, chibwano chili pachifuwa kuti nkhongo isagunde. Mawondo, zigongono ndi mutu sizifika pansi poyamba. Kaphokoso kakugwa amakapanga yekha pomenya pansi ndi chikhatho atafika kale. Ndipo m'miyezi ya June ndi July, makamaka kumapiri a Misuku kumene kuzizira kumalowa m'mafupa, sindilola munthu kuyesa kugwa asadathamange ndi kudziwongola mpaka thukuta litayamba.

Pa zida ndiye sindinyengerera. Ndaonapo ana akulowa m'sewero ndi chikwanje chimene m'mawa womwewo chimadula nkhuni, ati sewero lioneke lenileni. Tsoka silinunkha. Mu 1947 ku Oldham, ku England, Harold Norman adabayidwa pa ndewu yomaliza akusewera Macbeth, ndipo adamwalira patapita masabata ochepa. Mu 2008 ku Burgtheater ya ku Vienna, Daniel Hoevels adadzicheka pakhosi anthu akuona chifukwa mpeni umene adaugwira sudali wobunthitsidwa. Mwayi wake adapulumuka. Brandon Lee adafa mu 1993 ndi mfuti imene onse ankaiyesa yopanda vuto pojambula filimu ya The Crow. Amenewa adali akatswiri, ozunguliridwa ndi akatswiri anzawo. Chikwanje chathu chimasemedwa kumtengo wopepuka kwa kalipentala, nsonga yozungulira, n'kupakidwa penti wotuwa. Ngakhale chamtengocho chimagwidwa ndi mwini gawolo yekha, ndipo sichiloza kumaso kwa munthu. Magazi ndiye osavuta: madzi a chidede ophikidwa ndi kaufa ka chinangwa pang'ono amaterera bwino pakhungu, kungoti musawayesere pa yunifomu yoyera.

Zonsezi n'zoteteza thupi, koma ndewu ili ndi ntchito inanso, yofotokoza nkhani. Mu Romeo and Juliet, sewero limene Stanley Onjezani Kenani adalimasulira m'Chichewa ndipo lidaonetsedwa ku Mzuzu mu 2016, Mercutio sabayidwa chifukwa chosadziwa kumenya. Amabayidwa chifukwa Romeo walowa pakati kukaleretsa, ndipo lupanga la Tybalt ladutsa kunsi kwa mkono wa Romeo yemweyo. Oonerera akapanda kuona bwino mkono umenewo, zonse zimene Romeo achite pambuyo pake sizimveka. Choncho ndisadamange ndewu ndimafunsa osewera: wayamba ndani, akufuna chiyani, adamenyanapo kale m'moyo mwake kapena lero n'koyamba? Mphunzitsi wopuma ntchito samenya ngati mnyamata wa kabaza.

Apa ndiye pali dandaulo langa ndi masewero ambiri a nkhanza za m'banja. Bungwe lapereka ndalama kuti anthu akaphunzire kuipa kwa nkhanza, koma bambo akayamba kumenya mkazi bwalo lonse lili gwedegwede ndi phwete. Chifukwa chake n'chakuti ndewuyo yakonzedwa ngati nthabwala: yaitali, yaphokoso, mayi akuthawa mozungulira, bambo akupunthwa. Nthabwala za thupi zili ndi malo ake, Izeki ndi Jakobo adatiseketsa nazo zaka zambiri, koma si apa. Ine, malo akalola, ndimaikapo mbama imodzi yokha, ndipo nthawi yochuluka yokonzekera imathera pa zotsatira zake. Mayi aime osalira, agwire khutu, ayang'ane ngati mwana waona. Bambo asadziwe poika dzanja lake. Ndaona amayi akuluakulu amene amaseka poyamba akuweramitsa mitu pamenepo.

Thupi lophunzitsidwa lili ndi phindu lina m'boma ngati lino la zilankhulo zambiri. Sewero lokonzedwa m'Chilambya paboma likapita ku Nthalire kwa olankhula Chitumbuka, kapena ku Misuku kwa Asukwa ndi Andali, mawu ena amatsalira panjira. Kayendedwe ka munthu woledzera, wotopa, wamantha kapena wosenza mtolo wolemera kamafika konse. Sewero la The Island, limene Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona adalikonza ku South Africa mu 1973, limayamba ndi akaidi awiri a ku Robben Island akukumba mchenga, kuthira m'mawilibala, kukankha, kukhuthula, kwa nthawi yaitali popanda mawu. Fosholo palibe, wilibala palibe, mchenga palibe, koma woonerera amatopa nawo limodzi. Kuti wosewera afike pamenepo amayamba wanyamula ndowa yodzaza madzi, kumvetsera mmene phewa ndi chiuno zikuchitira, kenaka n'kuichotsa ndowayo thupi likukumbukirabe kulemera kwake.

Ku Britain akatswiri okonza ndewu za m'masewero adakhazikitsa bungwe lawo mu 1969, a ku America mu 1977, ndipo wosewera amayesedwa n'kulandira satifiketi ya chida chilichonse. Ife timatolatola: kwa amene adaphunzira zisudzo ku yunivesite ku Zomba, kumaphunziro a masiku ochepa, kwa ovina a m'mudzi, kwa anzathu a karate amene amadziwa kugwa. Mipikisano ya m'sukulu monga ya ATEM, kumene Du Chisiza Jr adatulukira mu 1982 asadakhazikitse gulu la zisudzo la Wakhumbata, ndiyo imaumba kakomedwe ka ana athu. Oweruza a mipikisano yotere atamachotsera malikisi gulu lililonse lomenyana zenizeni, khalidweli likhoza kutha msanga kuposa mmene ine ndingalithetsere poyenda sukulu ndi sukulu.

Pa tsiku la sewero, anthu asadasonkhane, onse okhala ndi ndewu amabwera kaye pamalo enieniwo. Timasesa miyala ndi misomali, mawotchi, mphete ndi ndolo zimavulidwa, zikhadabo timaziona. Ndewu iliyonse imayendetsedwa mwapang'onopang'ono, kenaka pa liwiro lake. Wina akaiwala pakati pa sewero, pangano n'lakuti abwerere m'mbuyo sitepe imodzi, ayang'anane, ayambirenso pamene onse akukumbuka, osati kupeka zatsopano. Mmodzi mwa awiriwo akadwala sitilowetsapo wina tsiku lomwelo, ngakhale akhale woloweza mawu onse. Ndewuyo timaichotsa, ikachitikire kuseri kwa nsalu anthu akungomva phokoso, wina atuluke adzafotokoze zimene waona. Shakespeare naye adatero ndi imfa ya mfumu Duncan: Macbeth amapita kukapha kumene anthu sakuona, n'kubwerako manja ali magazi okhaokha.