Udindo watsopano wagawanitsa anamwino ku England

M'zipatala za ku England muli udindo umene wakhala ukuutsa mtsutso pakati pa anamwino kwa zaka zingapo tsopano. Udindowu ndi wa nursing associate, wantchito amene ali pakati pa wothandizira wamba wa m'wodi ndi namwino wa digiri.

Ganizoli linachokera mu lipoti la Shape of Caring limene Lord Willis anatsogolera m'chaka cha 2015. Gulu loyamba linayamba maphunziro mu 2017, ndipo mu Januwale 2019 bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba la Nursing and Midwifery Council linayamba kuwalemba m'kaundula wake. Maphunziro awo amatenga zaka ziwiri, pamene a namwino amatenga zaka zitatu.

Malamulo a bungweli amasiyanitsa maudindo awiriwa. Nursing associate amasamalira wodwala, kumupatsa mankhwala ndi kulondoloza momwe akupezera. Koma kuunika vuto la wodwalayo, kukonza dongosolo la chisamaliro chake ndi kugamula ngati dongosololo likuthandiza, imeneyo ndi ntchito ya namwino.

Anamwino amene amaulandira udindowu amati umawapepukitsa ntchito m'mawodi momwe odwala ndi ochuluka koma manja ndi ochepa. Amatinso watsegulira khomo othandizira amene anagwira ntchito zaka zambiri osakwezedwa, chifukwa tsopano amatha kuphunzira akulandira malipiro, kenako n'kupitiriza mpaka kudzakhala anamwino.

Ena ali ndi nkhawa, ndipo gwero lake ndi ndalama. Pa makwerero a malipiro a zipatala za boma za NHS, nursing associate ali pa gawo 4, pamene namwino amayambira pa gawo 5. Bungwe loimira anamwino la Royal College of Nursing lakhala likuchenjeza kuti zipatala zisamatseke mipata ya anamwino polemba antchito otsika mtengowa.

Chenjezoli lili ndi maziko. Kafukufuku amene Linda Aiken anatsogolera m'maiko 6 a ku Ulaya anapeza kuti kuchotsa namwino mmodzi pa odwala 25 alionse n'kuikapo wothandizira kunkayendera limodzi ndi kukwera kwa chiopsezo cha imfa ndi 21 peresenti. Kafukufukuyo anaunika othandizira wamba, udindo watsopanowu usanakhazikike, koma anamwino amati phunziro lake ndi lomwelo.

Achikulire pa ntchitoyi amakumbukiranso za ma enrolled nurse, amene nawonso ankaphunzira zaka ziwiri. Ambiri ankasenza ntchito yofanana ndi ya anzawo koma osakwezedwa, mpaka maphunziro awo anathetsedwa.

Choncho mtsutsowu sukukhudza luso la anthu amene ali pa udindowu. Funso lagona pa olemba ntchito: kodi akuwalemba kuti aonjezere manja pambali pa namwino, kapena kuti alowe m'malo mwake? Yankho lake amalimva ndi wodwala amene wadwalika pakati pa usiku.