Mowa wa Dzulo Sutha ndi Tulo: Phunziro Lochokera kwa Oulutsa Ndege Zopanda Injini

Amayi, pa zokambirana za masewero a pa wailesi, ambiri a inu mumanena kuti bambo a kunyumba amamwa usiku wokha, ndipo kukacha amadzuka bwinobwino n'kupita kuntchito. Kodi n'zoona kuti munthu akagona mowa umathera m'tulo? Pofuna kuyankha funsoli, tiyeni tione anthu ena a kutali amene moyo wawo umadalira yankho lake. Anthuwa ndi ochita mpikisano woulutsa ndege zopanda injini.

Kodi ndege yopanda injini imauluka bwanji?

Ndege imeneyi pa Chingerezi amaitcha glider. Ndi yopepuka, ya mapiko aatali okwana mamita 15 kapena 18, ndipo mumakwera munthu mmodzi kapena awiri. Ponyamuka imakokedwa ndi ndege ina kapena ndi chingwe cha makina a pansi. Ikafika m'mwamba chingwecho chimamasulidwa, ndipo woyendetsa amatsala yekha ndi mphepo.

Mwaonapo akabawi kapena miimba ikuzungulira m'mwamba masana osakupiza mapiko. Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wotentha umakwera ndipo mbalamezo zimakwera nawo. Woyendetsa ndegeyi amachita chimodzimodzi. Amafunafuna mpweya wokwera, n'kuzungulira m'menemo mpaka atakwera kwambiri, kenaka n'kutsetsereka kupita kutsogolo. Ndege yabwino ikakwera kilomita imodzi ingathe kutsetsereka makilomita 40 kapena kuposa.

Masewerawa anakula ku Germany, pa phiri la Wasserkuppe, pamene panayamba mipikisano m'chaka cha 1920. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikiranso pomwepo mu 1937. Mu 2001 unachitikira ku Mafikeng, m'dziko la South Africa.

Ntchito yosalola kulakwitsa

Mpikisano waukulu umatenga pafupifupi milungu iwiri. Tsiku lililonse la nyengo yabwino, opikisana amapatsidwa ulendo wa makilomita 300, 500 kapena kuposa, ndipo amakhala m'mwamba maola atatu mpaka asanu. Nthawi yonseyi mutu uyenera kugwira ntchito: kuwerenga mitambo, kudziwa pamene ali, ndi kuwerengera ngati angafike kumene akupita.

Kawirikawiri ndege khumi kapena makumi awiri zimazungulira mu mpweya umodzi, moyandikana kwambiri. Amene wachedwa kuona mnzake angagundane naye. Mpweya wokwera ukasowa, woyendetsa amasankha munda n'kuteramo. Akalakwitsa potera, sangakwerenso kuti ayesenso kachiwiri monga zimachitira ndege zina. Ndege zina za masiku ano zili ndi kainjini kakang'ono, koma wopikisana akakaliza, ulendo wake wa tsikulo umawerengedwa kuti wathera pomwepo.

Tsono madzulo onse atatera, ali otopa ndi a ludzu. Pa mabwalo ambiri a masewerawa pamakhala malo omwera, ndipo anthu amacheza za ulendo wawo botolo lili m'manja. Palibe amene amamwa ali m'ndege. Vuto lagona poti m'mawa mwake ayenera kuulukanso.

Chiwindi sichifulumira

Mowa ukalowa m'magazi, chiwindi ndicho chimauchotsa, ndipo chimatero pang'onopang'ono. Botolo limodzi la mowa wamba limachitengera pafupifupi ola limodzi ndi theka. Munthu amene wayamba kumwa 8 koloko usiku n'kumaliza mabotolo 8 angathe kukhala ndi mowa m'magazi mpaka 8 koloko m'mawa, kapena kupitirira. Khofi, tiyi wa mphamvu kapena kusamba madzi ozizira sizifulumizitsa chiwindi. Zimangochotsa tulo, koma mowa umakhalabe. Mankhwala ake ndi nthawi basi.

Matsire nawo ndi oopsa

Mwina mukuganiza kuti mowa ukatha m'magazi, zonse zatha. Si choncho ayi. Mu 1986 akatswiri awiri a ku America, a Yesavage ndi a Leirer, anafalitsa zimene anapeza atayesa oyendetsa ndege 10 a gulu la asilikali a pa nyanja. Anawamwetsa mowa mpaka kuledzera. Patapita maola 14, nthawi imene mowa umakhala utatha kale m'magazi, anawayesa pa makina ophunzirira kuyendetsa ndege. Anthuwo sanayendetse bwino monga anachitira tsiku limene sanamwe. Awatu anali anthu a mphamvu ndi odziwa ntchito yawo.

Kodi chimachitika n'chiyani m'thupi?

Choyamba ndi khutu. Mkati mwenimweni mwa khutu muli timachubu ta madzi timene timauza bongo ngati munthu waima chilili, wapendekeka kapena akuzungulira. Mowa umalowa m'timachubuti n'kusokoneza ntchito yake. N'chifukwa chake woledzera akagona amaona ngati denga likuzungulira. Mowa ukamachokamo, chisokonezocho chimabweranso patapita maola angapo. Ganizirani tsono munthu amene akuzungulira m'mwamba maola ambiri khutu lake likumunamiza. Amamva chizungulire ndi nseru, ndipo maso ake sakhazikika pa chimene akuyang'ana.

Chachiwiri ndi madzi. Mowa umachititsa impso kutulutsa mkodzo wambiri, kotero womwa amadzuka thupi lili louma. Woyendetsa ndegeyi amakhala pansi pa chivindikiro choonekera ngati galasi, dzuwa likumuwomba, thukuta lili kamukamu. Thupi likasowa madzi, mutu umawawa ndipo maganizo amachedwa.

Chachitatu ndi tulo. Mowa umagonetsa msanga, koma tulo take si tabwino. Chakum'mawa munthu amadzukadzuka, ndipo bongo supuma mokwanira. Pa mpikisano wa masiku ambiri, kutopa kwa lero kumaonjezera pa kutopa kwa dzulo.

Chachinayi ndi mpweya. Munthu akakwera kwambiri, mpweya wa okosijeni umene thupi limalandira umachepa. Kupitirira mamita 3,000 oyendetsa ndege amalangizidwa kupuma mpweya wa m'botolo. Bongo umene watopa kale ndi mowa umavutika koposa mpweya ukachepa.

Choopsa kwambiri ndi ichi: mowa umafooketsa mbali ya bongo imene imauza munthu kuti sali bwino. Iye amadziona ngati wamphamvu, pamene manja ndi maso zikuchedwa. Pa mpikisano, kuchedwa kotere kumaluzitsa. Pa tsiku loipa, kumaphetsa.

Malamulo akuti chiyani?

Ku America lamulo limaletsa munthu kuyendetsa ndege iliyonse, ngakhale yopanda injini, asanathe maola 8 chimwereni mowa. Limaletsanso ngati m'magazi mwake muli mowa wokwana mamiligalamu 40 pa mamililita 100 aliwonse. Bungwe loona za ndege la m'dzikomo, la FAA, limalangiza kuti kudikira maola 24 ndiko kwabwino koposa, chifukwa maola 8 sachotsa matsire.

Ku Britain lamulo la mu 2003 linaika malire a oyendetsa ndege pa mamiligalamu 20 okha, pamene woyendetsa galimoto ku England amaloledwa mpaka 80. Bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pa masewera, linkaletsa mowa pa mipikisano ya m'mlengalenga mpaka kumapeto kwa 2017. Kuyambira mu 2018 linauchotsa pa mndandanda wake, n'kusiyira mabungwe a masewerawo kuti aziyang'anira okha. Izi sizinatanthauze kuti mowa ndi wabwino. Malamulo a maiko oletsa kuuluka utamwa akadalipo.

Nanga izi zikukukhudzani bwanji?

Inu simuyendetsa ndege, koma chiwindi, khutu ndi bongo wa woyendetsa ndege n'zofanana ndi za munthu wina aliyense. Zimene zimamuchitikira iye zimachitikiranso dalaivala wa minibasi, wa kabaza, msodzi wa pa bwato ndi mmisiri wokhoma denga. Mwamuna amene anamwa kwambiri usiku n'kulawirira kukanyamula anthu amaika pa chiswe moyo wake, wa okwera, ndi chakudya cha ana ake. Kachasu ndiye woopsa koposa chifukwa palibe amadziwa mphamvu yake.

Kwa inu amayi pali zina zoonjezera. Mayi ndi bambo akamwa mowa wofanana, kawirikawiri mayi ndiye amakhala ndi mowa wambiri m'magazi, chifukwa thupi la mayi lili ndi madzi ochepa. Ngati muli ndi pakati, mowa umadutsa kupita kwa mwana ndipo ungaononge bongo wake kwa moyo wonse. Palibe muyeso wa mowa umene umadziwika kuti ndi wabwino kwa mayi woyembekezera. Ngati mukuyamwitsa, mowa umalowa mu mkaka mofanana ndi m'magazi. Kufinya mkaka n'kutaya sikuuchotsa. Umachoka pamene wachoka m'magazi, ndipo botolo limodzi limafuna maola awiri kapena kuposa. Komanso munthu amene wamwa asagone pa mphasa imodzi ndi khanda, pakuti angathe kuligonera osadziwa.

Mukafuna kukambirana ndi bambo a kunyumba, musayambe nkhaniyi iwo ataledzera. Dikirani nthawi ya mtendere, mutadya. Afotokozereni za oyendetsa ndege aja, anthu a luso amene lamulo limawauza kuwerenga maola asanagwire ntchito. Apempheni kuti usiku woti mawa ayendetsa galimoto kapena njinga asamwe. Ngati akulephera kusiya, kapena ngati mowa wabweretsa ndewu pakhomo, musavutike nokha. Uzani anamwino, alangizi a zaumoyo kapena ankhoswe. Amene wamwa kwambiri kwa zaka zambiri, ndipo amanjenjemera akapanda kumwa, asasiye mwadzidzidzi payekha. Apite kuchipatala kuti akathandizidwe.

Kumbukirani

Tulo, khofi ndi madzi ozizira sizichotsa mowa m'magazi.

Matsire amachedwetsa maso, manja ndi maganizo ngakhale mowa utatha.

Womwa sangadziyeze yekha ngati ali bwino.

Mayi wapakati asamwe mowa wa mtundu uliwonse.

Musakwere, kapena kukweza mwana, galimoto kapena njinga ya munthu amene akununkha mowa, ngakhale kuli m'mawa.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi kwanuko anthu amachita chiyani pofuna kuthetsa matsire? Mwa zimenezo, ndi ziti zimene zimachotsadi mowa m'magazi?

2. Ndi ntchito ziti m'mudzi mwanu zimene munthu wa matsire sayenera kugwira?

3. Mwana wadwala m'mawa, ndipo wa kabaza amene mwamupeza akununkha mowa wa dzulo. Kodi mungachite chiyani?

4. Ndi mawu otani amene mayi angayambire nkhani ya mowa kwa mwamuna wake popanda kuyambana?