Alonda Awiri a Mafumu a ku Spain

Ufumu uliwonse umafuna zinthu ziwiri kuti ukhazikike: bata m'midzi ndi ndalama mosungira chuma cha boma. Mafumu a ku Spain anazindikira zimenezi, nakhazikitsa magulu awiri a alonda onyamula mfuti, lina loyang'anira malire a dziko, lina loyang'anira misewu ndi midzi. Mbiri ya magulu awiriwa ikudzutsa funso limene silinakalambe: kodi mlonda amatumikira munthu wokhala pampando kapena lamulo la dziko?

Kuyambira kale malonda a fodya ku Spain anali m'manja mwa boma lokha, ndipo nsalu zochokera kunja zinkalipitsidwa msonkho waukulu. Chifukwa cha ichi anthu ambiri anasanduka akatswiri ozembetsa katundu. Ena ankadzera m'mapiri a Pyrenees kumalire ndi France, ena kumalire ndi Portugal, pomwe ena ankatenga fodya ku Gibraltar, doko lolamulidwa ndi Britain, namusenzetsa nyulu usiku. Tsono pa 9 March 1829 Mfumu Fernando VII inakhazikitsa gulu la Carabineros kuti lilondere magombe ndi malire. Ntchito ya anthuwa inali ya kasitomu, koma mwambo wawo unali wa chisilikali.

Kumidzi nako kunalibe mtendere. Nkhondo yolimbirana ufumu itatha mu 1840, achifwamba anachuluka m'misewu kotero kuti wapaulendo sankadziwa ngati akafika kwawo ndi chovala chake. Mu 1844, Mfumukazi Isabel II ali ndi zaka 13 zokha, boma linakhazikitsa gulu lachiwiri lotchedwa Guardia Civil, ndipo amene analikonza ndi Francisco Javier Girón, wodziwika ndi dzina laulemu loti Duque de Ahumada. Alondawa ankayenda awiriawiri atavala chipewa chansonga zitatu, ndipo ankakhala ndi mabanja awo m'nyumba za pakampu. Anthu amalonda anapuma, koma alimi osauka ambiri ankawaona ngati alonda a eni minda ikuluikulu.

Mayeso oyamba aakulu anadza mu April 1931. Zisankho za m'mizinda zitaonetsa kuti anthu atopa ndi ufumu, mkulu wa Guardia Civil, General José Sanjurjo, sanafune kutuma anyamata ake kukateteza mpando wa Mfumu Alfonso XIII. Mfumuyo inachoka m'dzikomo, ndipo Spain inakhala ripabuliki. Gulu limene ufumu unabala linalekerera ufumuwo kugwa.

Mayeso achiwiri anali owawa koposa. Mu July 1936 akuluakulu ena a asilikali anagalukira boma losankhidwa ndi anthu, ndipo nkhondo yapachiweniweni inayaka mpaka 1939. Guardia Civil inagawanika pakati, ena kutsata ogalukira, ena kutsalira ku boma. Ku Barcelona, Colonel Antonio Escobar, munthu wopembedza kwambiri, anasunga lumbiro lake nathandiza kugonjetsa ogalukira mumzindamo. A Carabineros ambiri nawonso anakhala mbali ya boma, ndipo nduna ya zachuma, Juan Negrín, inakulitsa gulu lawo mpaka linasanduka gulu lankhondo lenileni.

Koma wopambana anali General Francisco Franco, ndipo iye sanaiwale. Escobar anawomberedwa ku Barcelona mu February 1940. Mwezi wotsatira, pa 15 March, lamulo linathetsa gulu la Carabineros, ntchito yake yolondera malire niperekedwa kwa Guardia Civil. Motero gulu limene linatumikira zaka 111 linafa, mlandu wake waukulu uli wakuti linakana kuswa lumbiro.

Franco atamwalira mu 1975 ufumu unabwerera, ndipo funso lija linabweranso. Pa 23 February 1981 Lieutenant Colonel Antonio Tejero analowa m'nyumba ya malamulo ku Madrid ndi alonda a Guardia Civil pafupifupi 200, nasunga aphungu ndi nduna ngati akaidi usiku wonse. Iwo ankayembekeza kuti mfumu iwavomereza. Koma pakati pa usiku Mfumu Juan Carlos I inalankhula pa wailesi yakanema itavala zovala za mkulu wa asilikali, nilamula kuti malamulo a dziko alemekezedwe. Kutacha ogalukirawo anagonja, ndipo Tejero analamulidwa kukhala m'ndende zaka 30.

Lero Guardia Civil ikadali pantchito m'madoko, m'mabwalo a ndege ndi m'midzi, ndipo kuyambira 1988 imalembanso akazi. Wachinyamata wofuna kuvala yunifolomu, kaya ya polisi kaya ya kasitomu, angachite bwino kusinkhasinkha za Escobar ndi Tejero. Onse awiri anali a gulu limodzi ndipo anavala chipewa chofanana. Wina anataya moyo posunga lamulo, mnzake anataya ufulu polipondereza.